Dzino langa patatha miyezi 16 chilandirireni chithandizo cha root canal

Papita miyezi 16 kuchokera pamene dokotala wa mano anagwira ntchito pa dzino langa lotafunira la m'mwamba chakumanzere, ndipo ndaona kuti ino ndiyo nthawi yoyenera kufotokoza mmene zinthu zayendera, chifukwa ndikanalemba patangotha masabata 2, ndikanangoyamikira chithandizochi osadziwa zimene zinali kutsogolo.

Chithandizo chimene ndinalandira ndi chija amachitcha root canal. Dzino likaola mpaka pakati pomwe pali mtsempha, dokotala amaboola pamwamba n'kuchotsa zonse za m'katimo, kenako amapala tinjira topita kumizu ndi tizitsulo topyapyala ngati singano, n'kutsukamo ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa sodium hypochlorite, pomaliza n'kutseka tinjirato ndi chinthu chonga labala chotchedwa gutta-percha. Kwa ine ntchitoyi inatenga maulendo 2, ndipo ululu umene unandisowetsa tulo kwa masiku ambiri unatheratu. Dokotala anamata dzinolo mongoyembekezera n'kundiuza kuti ndibwerenso posachedwa kuti alivekeko chophimba cholimba chotchedwa crown. Popeza sindinkamvanso kuwawa, ndinazengereza kwa miyezi yoposa 3, ndipo pamene ndinkabwererako, chomatacho chinali chitagumuka kale m'mbali mwake.

Vuto linayamba mwezi wa 7, ndipo linayamba mwakachetechete. Madzi ozizira kapena otentha sankandisautsa monga zinalili poyamba, koma ndikaluma chinthu cholimba ndinkamva ngati dzinolo latalika kuposa anzake, ndipo ndikaligogoda ndi chikhadabo linkapweteka mkati mwenimweni mwa fupa. Patapita masiku angapo, lilime langa linapeza kachotupa pankhama, pamwamba penipeni pa dzinolo. Nditayang'ana pagalasi ndinaona kuti n'kofanana ndi kachiphuphu kokhala ndi mutu woyera. Kankaphulika kokha, m'kamwa n'kumveka kukoma koipa kwa mafinya, ululu n'kuchepa, ndipo pakapita masiku 4 kapena 5 kankadzazanso.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti ndinkakhulupirira kuti dzino lochotsedwa mtsempha silingawawenso. Zoona zake n'zakuti mtsempha wa m'kati umachotsedwadi, koma minofu yomwe imamangirira muzu ku fupa la nsagwada imakhalabe yamoyo ndipo imamva ululu. Tizilombo totsalira m'kati tikayamba kutulukira kunsonga ya muzu, malo amenewa ndi omwe amatupa, ndipo mafinya amadziboolera njira kudutsa m'fupa mpaka kukatulukira pankhama. Kachiphuphu kanga kaja kanali khomo la njira imeneyo.

Ndinapatsidwa mankhwala akumwa opha tizilombo otchedwa amoxicillin, ndipo kachotupako kanaphwa mkati mwa sabata imodzi, koma patatha masabata 3 kanabwereranso pamalo omwewo. Apa mpamene ndimadandaula kwambiri, chifukwa palibe amene anandifotokozera nthawi imeneyo kuti mankhwala akumwa amayenda ndi magazi, pamene m'kati mwa dzino lochotsedwa mtsempha simufikanso magazi. Mankhwalawo ankangoziziritsa kutupa kozungulira muzu, gwero lake lili chikhalire. Ndikanadziwa zimenezi, sindikanataya miyezi 2 ndikuyembekezera kuti vutolo litha lokha.

Mwezi wa 9 anandijambula X-ray, ndipo panaoneka mthunzi wakuda wozungulira kunsonga ya muzu umodzi, kusonyeza kuti fupa linali litadyeka pamenepo. Ananditumiza kwa katswiri wa za m'kati mwa mano, yemwe anandiyalira njira 3: kutsegulanso dzinolo n'kubwereza ntchito yonse, kucheka nkhama n'kudula nsonga ya muzu pafupifupi mamilimita 3, kapena kulizula. Anayamba wayeza nkhama mozungulira dzinolo pofuna kuona ngati muzu unang'aluka, ndipo anandiuza mosabisa kuti akapeza mng'alu wotsika ndi muzu, palibe chimene chingapulumutse dzinolo. Mwamwayi sanaupeze.

Atatsegulanso dzinolo ndi kuyang'ana ndi maikulosikopu, anapeza chimene chinatsalira. Dokotala woyamba anatsuka ndi kutseka tinjira 3, koma dzino loyamba lotafunira la m'mwamba nthawi zambiri limakhala ndi kanjira ka 4, kobisika m'muzu wakutsogolo wa mbali ya tsaya, komwe madokotala amakatcha MB2. Katswiriyo anandionetsa chithunzi chake pakompyuta, ndipo kanali kadontho kakang'ono kwambiri moti ndinamvetsa chifukwa chake kamaphonyeka ndi maso okha. Sindingasenzetse dokotala woyamba mlandu wonse, chifukwa kuzengereza kwanga kunapatsanso mpata malovu odzaza tizilombo kulowa pansi pa chomata chogumuka chija, ndipo zifukwa ziwirizi mwina zinathandizana.

Ntchito yachiwiri inali yaitali ndi yotopetsa kuposa yoyamba. Anaphimba m'kamwa monse ndi kansalu ka labala n'kusiya dzino lokhalo poyera kuti malovu asalowemo, anachotsa gutta-percha yakale, anatsuka tinjira tonse 4, n'kuikamo mankhwala a calcium hydroxide kwa masabata 2. Pofika ulendo wachiwiri, kachiphuphu kaja kanali katatsekeka kokha popanda kumwa mankhwala aliwonse, ndipo chimenechi ndi chimene chinanditsimikizira kuti gwero lenileni lapezeka. Dzinolo linapweteka kwa masiku 3 pambuyo pa kutsekedwa, kenako linakhala bata. Crown yatsopano ndinaiika mwezi womwewo.

Ndikafunsidwa lero ngati chithandizochi n'choyenera, ndimayankha kuti inde, chifukwa ndikutafunabe ndi dzino langalanga, ngakhale kuti chinanditayitsa nthawi ndi ndalama kawiri. Chomwe sindingachitenso ndi kuyesa kuti dzino lachira chifukwa choti latonthola, popeza matenda a kunsonga ya muzu amatha kukula kwa miyezi yambiri osapweteka, ndipo amaoneka pa X-ray pokha. Katswiriyo anandichenjezanso kuti nkhope ikatupa mpaka kufika m'diso kapena m'khosi, thupi likatentha, kapena ndikayamba kuvutika kumeza ndi kupuma, ndithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwezi wathawu anandijambulanso, patatha miyezi 6 chibwerezereni ntchitoyo. Mthunzi wakuda uja wachepa kwambiri koma sunatheretu, ndipo akuti fupa limabwerera pang'onopang'ono moti nthawi zina pamatenga zaka zingapo kuti pakhale bwinobwino. Nkhama ndi yosalala, ndikuluma popanda mantha, ndipo ndalembetsa kale tsiku lokajambulitsanso chaka chikakwana.