Miyezi isanu ndi iwiri ndikulera osewera achichepere pa BuzzerBeater

Ndinatenga timu yanga pa BuzzerBeater m'mwezi wa Malichi, mpunga wa ku Lifuwu usanache, ndipo pano tili m'kati mwa dzuwa la Okutobala limene aliyense wokhala kuno ku Salima amalidziwa. Masewera a pa intaneti amenewa anayamba mu 2007, ndi aulere, ndipo munthu sagwira mpira koma amakhala mwini timu ya basketball amene amagula osewera, kulemba ntchito mphunzitsi ndi kusankha luso loti anyamata aphunzire sabata iliyonse. Sizoni imodzi imatenga masabata 14 ndipo ikatha wosewera aliyense amakula ndi chaka chimodzi, choncho mnyamata amene ndinamupeza ali ndi zaka 18 tsopano ali ndi zaka 20. Za iyeyu ndiye ndikufuna kunena, chifukwa ndi pa iye pamene ndaonera ngati gawo la maphunziro lili loyenera nthawi imene munthu amatayirapo.

Chimene chimalamulira zonse ndi mphindi 48. Wosewera amapindula mokwanira pokhapokha atasewera mphindi zimenezi m'sabatamo pa malo amene akuphunzitsidwa, ndipo popeza masewero amakhala atatu, awiri a ligi Lachiwiri ndi Loweruka ndi amodzi a chikho kapena opimana mphamvu Lachinayi, malo amodzi amakwanira anyamata atatu okha. Poyamba ndinkaona ngati ndi masamu osavuta, koma sindinachedwe kuzindikira kuti kupatsa mwana wa zaka 18 masewero athunthu a ligi ndi kuvomereza kugonja, popeza akadaulo amene akanandipambanitsa amakhala pabenchi akuonerera. M'sizoni yoyamba ndinagonja masewero angapo amene ndikanatha kupambana, ndipo mnzanga amene timaphunzitsa naye pasukulu imodzi ankandiseka kuti ndatsegula sukulu ya mkaka m'malo mwa timu.

Sabata imene sindidzaiiwala ndi ya m'mwezi wa Juni. Magetsi anazima Lachitatu madzulo foni ili pafupi kutha moto, ndipo ndinakonza mndandanda wa osewera mothamanga nditakhala pa benchi ya ometa tsitsi ku Kamuzu Road, foni ili pa chaja cha eni ake, makina akulira pambali pa khutu langa. Ndinaiwala kulamula kuti mnyamatayo asatulutsidwe akachita mafaulo, ndipo mawa lake anasewera mphindi 37 zokha. Zotsatira za maphunziro zimatuluka Lachisanu, ndipo Lachisanu limenelo anzake awiri anakwera iye atangoima pomwepo. Kulakwa kunali kwanga, koma kuyambira pamenepo ndimakonza mindandanda ya masewero onse atatu Lamulungu masana, bandulo ikadalipo ndiponso mutu uli pamalo.

Kulakwa kwakukulu kunali kwina. Masabata oyambirira ndinkasintha maphunziro nthawi iliyonse ndikaona pofooka: sabata ino kupatsira, yamawa kuponya ali patali, ina kulanda mpira wobwerera pansi pa golo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo patatha mwezi ndi theka panalibe luso limene linasuntha mooneka. Luso lililonse lili ndi masitepe 20, kuyambira pa atrocious mpaka pa legendary, ndipo zimene zimachitika pakati pa sitepe ndi inzake sizioneka, moti munthu wosadekha amasiya ntchito itatsala pang'ono kubala. Ndinalinso ndisanamvetse kuti msinkhu uli ndi mbali yake: wamfupi amaphunzira msanga luso la kunja monga kuyendetsa mpira ndi kutchinga oponya ali patali, pamene wamtali amafulumira pa luso la pansi pa golo. Mnyamata wanga ndi wamfupi, ndipo masabata amene ndinamuphunzitsa za pansi pa golo anali ngati kubzala mpunga pamtunda. Nditamusiya pa malo a point guard, amene amayendetsa mpira ndi kugawira anzake, ndi kulimbikira kutchinga kwa kunja masabata otsatizana, anachoka pa awful, sitepe yachitatu, kufika pa respectable, sitepe yachisanu ndi chiwiri, ndipo tsopano ndi iye amene ndimamuika pa woponya woopsa wa timu ina.

Za mphunzitsi ndinganene mwachidule. Wa sitepe yapamwamba amafulumizitsa ntchito, koma malipiro ake ndi olemera kwa timu yatsopano, ndipo ine ndaona kuti wapakatikati ndi wokwanira malinga ngati mphindi zikukwana.

Zinthu ziwiri zimene zimaonekera pokhapokha miyezi itapita ndi malipiro ndi malire a wosewera. Sizoni yatsopano ikayamba, malipiro amawerengedwanso molingana ndi luso, choncho mwana amene mwamulera nokha amayamba kukudyerani ndalama zambiri, ndipo chisangalalo cha Lachisanu chimabwera ndi ngongole yake. Wosewera aliyense alinso ndi potential, malire amene akawayandikira maphunziro amayenda pang'onopang'ono. Mmodzi mwa atatu anga anali ndi potential yotsika, ndipo ngakhale ndinamukonda chifukwa anali woyamba kukwera, ndinamugulitsa kumapeto kwa sizoni yachiwiri kuti mphindi zake zipite kwa wa zaka 18 amene ndinamutenga pa draft, pamene matimu amasankha osewera achichepere atsopano. Zaka nazo sizidikira, pakuti wa zaka 18 kapena 19 amaphunzira msanga kuposa amene wadutsa zaka 22.

Kwa munthu amene akufuna zotsatira usiku womwewo, gawo limeneli ndi lotopetsa, chifukwa ntchito ya sabata yonse imathera pa kuyang'ana kamodzi Lachisanu. Kwa ine, amene ndimaphunzitsa ana masana ndipo ndinazolowera kudikira teremu yonse kuti ndione kusintha, ndi gawo limene landisunga m'masewerawa, ndipo silidya bandulo yambiri popeza zambiri ndi zolemba ndi manambala. Loweruka lino tikumana ndi timu imene ili pamwamba pa ligi, ndipo mnyamata watsopanoyo asewera mphindi zonse 48, ngakhale mnzanga uja wanena kale kuti tikagonja ndimugulire chambo ku Senga Bay.