Makalasi a Chemistry a pulofesa wopuma pa ntchito ku Mangochi

Mwana wanga wamkazi, yemwe ali mu Fomu 3, wakhala akupita ku makalasi apadera a Chemistry kwa miyezi inayi tsopano, ndipo popeza makolo anzanga akhala akundifunsa ngati ndalama ikupita pabwino, ndaganiza zolemba zomwe ndaona. Amene amaphunzitsa ndi bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ku yunivesite, komwe anali pulofesa wa physical chemistry, nthambi yomwe imafufuza chifukwa chimene zinthu zimasinthira zikasakanikirana, liwiro la kusinthako, ndiponso mbali yomwe kutentha kumatengapo. Amaphunzitsira pakhonde la nyumba yawo, kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, Loweruka ndi Lamlungu masana, ndipo amalipiritsa K20,000 pa mwezi.

Tsiku lina ndinafika msanga kudzatenga mwana, ndipo ndinakhala pa benchi n'kumaonerera. Patebulo panali matambula awiri a madzi amvula, ina atathiramo shuga, ina mchere, komanso mabatire anayi a tochi, mawaya ndi kababu kakang'ono. Ataviika mawaya m'madzi a shuga kababu sikanayake, koma atangowaviika m'madzi amchere kanayaka, ana onse n'kudzuka m'mipando. Apo ndi pomwe anafotokoza kuti mchere ukasungunuka umagawikana kukhala tizidutswa tonyamula mphamvu ya magetsi, totchedwa ma ion, pomwe shuga amangosungunuka osagawikana choncho.

Kenaka anawasimbira mbiri ya Svante Arrhenius wa ku Sweden, amene anapereka ganizo limeneli mu 1884 pa kafukufuku wake wa digiri ya PhD ku yunivesite ya Uppsala. Omuyesa mayeso sanakhutire nalo, moti anamupatsa giredi yotsika, koma katswiri wina wa Chemistry, Wilhelm Ostwald, anaona kufunika kwake mpaka anapita yekha ku Uppsala kukakumana naye. Arrhenius anakhala pulofesa ku Stockholm mu 1895, ndipo mu 1903 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ganizo lomwelo. Aphunzitsiwa amaikonda nkhaniyi, ndipo mwana wanga akuti aibwereza kale katatu, zomwe sindikuwadzudzula nazo, chifukwa ana athu ambiri amataya mtima akangolephera mayeso a teremu imodzi.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi mmene amatengera zitsanzo kuno kwathu. Pophunzitsa za liwiro la kusintha kwa zinthu, anafunsa ana chifukwa chimene usipa umene sunayanikidwe pathandala umaonongekera msanga mu Okutobala kusiyana ndi mu Juni, ndipo kuchokera pamenepo anafika pa lamulo limene Arrhenius yemweyo analemba mu 1889, n'kuwauza kuti pa zinthu zambiri liwiro limawirikiza pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Anawaonetsanso botolo la chakumwa chozizira ndi lina lokhala padzuwa, pofuna kuti amvetse kuti madzi ofunda sasunga mpweya wambiri, mfundo imene imakhudzanso nsomba za m'nyanja ya Malombe ndi m'maiwe. Mwana wanga, amene kale ankangoloweza manotsi ngati nyimbo, tsopano amandifunsa mafunso kukhitchini mpaka ndiwo kutsala pang'ono kupserera.

Zofooka zilipo, ndipo si zazing'ono. Bambowa sathamangira silabasi, moti anatha milungu itatu pa mutu umodzi, pomwe gawo la organic chemistry, lonena za zinthu zokhala ndi carbon, sanaliyambe n'komwe. Mapepala akale a MANEB amawagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, ndipo zipangizo zenizeni za mu labotale, monga burette ndi pipette zomwe ana amakumana nazo pa mayeso a pulakitiko, alibe. Khondelo ndi lamalata, choncho kutentha kwa Mangochi nthawi ya masana kumawodzeretsa ana okhala kumbuyo, makamaka chifukwa mawu a bambowa ndi otsika. Nditawafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi silabasi idzatha MSCE isanafike?" anandiyankha kuti, "Mayi, musadere nkhawa, zotsalazo akamaliza kusukulu, ine ndikufuna amvetse kaye." Yankholo silinandikhutiritse kwenikweni, chifukwa si sukulu zonse zomwe zimamalizadi.

Kwa kholo limene mwana wake ali mu Fomu 3, ndipo akufuna kuti adzapite patali ndi maphunziro a sayansi, makalasiwa ndi oyenera ndalama yake. Amene mwana wake ali mu Fomu 4 ndipo mayeso ayandikira, achita bwino kufunanso mphunzitsi wina woti azidutsa naye mapepala akale. Wanga apitirizabe mpaka chaka chithe, koma ndawapempha bambowa kuti kalasi ya Loweruka aisunthire m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo alonjeza kuti akambirana kaye ndi makolo ena.