Mtengo wa Moyo: maphunziro oyenera kuwapatsa tsiku lanu la ofu

Njira ya Tree of Life, kapena kuti Mtengo wa Moyo, yothandiza anthu kufotokoza mbiri ya moyo wawo ndi kulimbikitsana pojambula mtengo, anaikonza mayi Ncazelo Ncube-Mlilo, katswiri wa za maganizo wochokera ku Zimbabwe, mothandizana ndi David Denborough wa ku bungwe la uphungu la Dulwich Centre ku Australia, cha m'ma 2006. Poyamba inali ya ana amene makolo awo anamwalira ndi Edzi. Lero mayiwa ali ndi bungwe lawo lotchedwa Phola kuno ku Johannesburg, ndipo njirayi akuluakulu nawonso akuigwiritsa ntchito m'magulu osiyanasiyana. Kwa ife aMalawi a ku Joni ndi yothandiza kwambiri, bola ichitike bwino.

Zipangizo ndi zochepa: pepala lalikulu munthu aliyense, makrayoni kapena mapeni a mitundumitundu, ndi selotepi. Aliyense amajambula mtengo wake. Ku mizu amalembako kumene anachokera: mudzi, mfumu, mtundu, agogo amene anabwera ku migodi pa Wenela. Nthaka ndi moyo wa lero, kaya ndi ntchito ya m'gadeni ku Randburg kapena chipinda cha lendi ku Rosettenville. Thunthu ndi luso lake. Nthambi ndi zimene akulakalaka. Masamba ndi anthu ofunika, amoyo ndi omwalira omwe, pomwe zipatso ndi mphatso zimene ena anamupatsa, monga malangizo kapena ndalama ya basi yoyamba ija.

Pa thunthu ndi pamene ambiri amakakamira. Mayi amene wakhala akugwira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri amati alibe luso lililonse. Wotsogolera wodziwa ntchito yake samutsutsa, amangofunsa kuti, "Nanga ana kumudzi mwawaphunzitsa bwanji mpaka Fomu 4 muli kuno? Kupirira kumeneku munakuphunzira kwa ndani?" Yankho limatulutsa dzina la mayi ake kapena azakhali, ndipo munthuyo amayamba kuona kuti mbiri yake si ya mavuto okhaokha. Phindu lenileni la maphunzirowa lili pamenepa.

Kenako mitengo yonse amaimata pakhoma n'kukhala nkhalango, anthu n'kumalemberana mawu olimbikitsa pa mitengo ya anzawo. Akamaliza zimenezi m'pamene amakamba za mikuntho: chiwawa chochitira anthu obwera ngati cha mu 2008, kuopa apolisi, maliro amene sanathe kupitako. Amakamba monga gulu, osaloza munthu. Pomaliza aliyense amalandira satifiketi yotchula luso ndi maloto ake.

Zikalakwika, nthawi zambiri vuto limakhala kuthamanga. Wotsogolera akalumphira ku mikuntho nkhalango isanaime, anthu amatsegula mabala opanda pogwira, ndipo amabwerera kunyumba ali olemedwa kuposa mmene anabwerera. Maola awiri sakwanira, pamafunika tsiku lathunthu. Gulu likapitirira anthu 12, ena sapeza mpata wofotokoza mtengo wawo. Kuika mwamuna ndi mkazi wake gulu limodzi kumatseka pakamwa mmodzi wa iwo. Chilankhulo nachonso n'chachikulu: munthu akhoza kugwira ntchito m'Chingelezi kapena m'Chizulu, koma za malemu mayi ake amazikamba bwino m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka. Amene kulemba kumawavuta aloledwe kujambula zithunzi.

Musanalembetse, funsani ngati wotsogolera anaphunzitsidwa njirayi, ngati akujambula zithunzi kapena mavidiyo, ndiponso ngati afunsa za mapepala anu okhalira kuno. Funso la mapepala lilibe malo pa maphunzirowa.

Dziwaninso kuti awa si mankhwala. Amene sakugona masabata angapo, kapena akuganiza zodzipha, apite kukiliniki kapena aimbe ku SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, pa 0800 567 567, nambala yaulere.