Ndemanga ya woweta agalu wa ku Salima: amakusankhitsani bwino kagalu, koma za katemera ndi mphutsi muzitsatire nokha

Tikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Bambowa amaweta agalu chakufupi ndi Kamuzu Road ku Salima, ndipo amagulitsa tiagalu ta mitundu itatu: tachikuda, tosakanizika German Shepherd ndi wachikuda, ndi ta Boerboel, mtundu wa agalu akuluakulu a ulonda. Komwe tidatenga ife ndi kakakazi kosakanizika, ndipo pano kamaliza kusintha mano, kotero tikulemba titaona zonse kuyambira tsiku logula mpaka kudutsa msinkhu womwe tiagalu tambiri timafa. Nyenyezi imodziyo tachotsa chifukwa cha katemera, mchenga wa m'khola ndi malangizo a chakudya.

Chomwe chimawasiyanitsa ndi ogulitsa ena n'chakuti sakutengerani kukhola musanayankhe mafunso awo. Amakukhazikani pansi kaye. Pakhomo pali mpanda, nanga ndi wa njerwa kapena wa udzu? Mwana wamng'ono kwambiri ali ndi zaka zingati? Muli ndi nkhuku, abakha, mbuzi? Masana pamatsala ndani? Nyumbayo ndi yanu kapena ya lendi, ndipo eni ake avomera? Galuyo mukumufunira ulonda kapena kusewera ndi ana? Ena amaona ngati akunyozedwa, makamaka likafika funso la ndalama za chakudya. Ife tikuti mafunsowa ndi amene amateteza ndalama yanu kuti isalowe m'madzi. Mabanja ambiri amasankha ndi maso, n'kutenga kagalu kakakulu mutu ndi mapazi, osaganiza kuti pakatha chaka kadzakhala kotani.

Banja lopanda mpanda wolimba, kapena lokhala ndi ana osakwana zaka 6, samaligulitsa Boerboel, ndipo apa akuchita bwino. Wamphongo wa mtunduwu akakula amatha kupitirira makilogalamu 60. Sachita kufuna kuluma kuti avulaze mwana. Kungomudumphira mwamasewera n'kokwanira. Amadyanso kuposa agalu awiri achikuda, ndipo amafuna munthu wamkulu woti azimuphunzitsa tsiku ndi tsiku. Akangosiyidwa pa tcheni kuseri kwa nyumba, amasanduka chilombo choopsa ngakhale kwa eni ake omwe.

Za nyengo amanenanso zoona. Kuno kunyanja, mu Okutobala ndi Novembala, masana kumatha kutentha kupitirira madigiri 35. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja. German Shepherd weniweni wa ubweya wautali amavutika kwambiri ku Salima, Chipoka kapena Nkhotakota, ndipo nkhupakupa zimabisala mu ubweyawo osaoneka. Wachikuda ndi wosakanizika ali ndi ubweya waufupi, sadya zambiri, ndipo amauwa mokwanira kudzutsa mudzi. Kwa banja la ana aang'ono ndi ziweto pakhomo, ndi awa amene ife tingasankhe.

Make wa tiagalu amakuonetsani musanapemphe. Muyang'anitsitseni, chifukwa khalidwe la mwana limayambira pamenepo. Galu woyamwitsa amatha kuuwa mlendo akayandikira ana ake, zimenezo n'zachibadwa, koma mwini wake akamuletsa ayenera kufatsa. Amene akunjenjemera pakona mchira uli pakati pa miyendo, kapena amene sakugwirika ngakhale ndi mwini wake, ana ake asiyeni. Wogulitsa amene akuti make ali kumudzi, musiyeninso. Abambo a tosakanizikato sitidawaone chifukwa ndi a pakhomo pena, kotero za kukula kwa kagalu mukudalira mawu a wogulitsa basi.

Satulutsa kagalu kasanakwanitse masabata 8, ngakhale mutalipira kale. Tiagalu ta pamsewu ndi pamsika nthawi zambiri timakhala ta masabata 4 kapena 5. Totere timafika pakhomo tisanaphunzire kudya bwino, timalira usiku wonse, ndipo timakula toluma mwamphamvu posewera chifukwa kuluma mofatsa timaphunzira kwa make ndi abale ake m'masabata omalizawo. Msinkhu mungautsimikize nokha ndi mano. Kagalu ka masabata 8 kamakhala ndi mano onse a ukhanda, okwana 28, oyera ndi osongoka. Ngati a m'mbali sadatuluke, n'kakang'ono. Ngati a kutsogolo ayamba kuguluka, kadutsa miyezi 3, kaya wogulitsa akunena zotani.

Amalolanso kuti mukagwire ndi kukayeza popanda kukufulumizitsani, ndipo muyenera kutero. Kwezani mlomo wa m'mwamba muone nkhama: zikhale zofiirira bwino ndi zonyowa. Mukadina ndi chala n'kuchotsa, mtundu ubwerere pasanathe masekondi 2. Nkhama zoyera ndi chizindikiro cha kuchepa magazi, ndipo kuno choyambitsa chimakhala njoka za m'mimba, utitiri wochuluka kapena matenda a nkhupakupa. Tsinani khungu la pakhosi n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, m'thupi mwachepa madzi. Maso asakhale ndi manthongo, mphuno isatuluke mamina achikasu, m'makutu musanunkhe. Kwezani mchira muone ngati ubweya wamatana ndi chimbudzi cha madzi. Mimba yotukumuka ngati ng'oma, pomwe nthiti zili poyera, ndi njoka zimenezo, si kunenepa. Papasani pamchombo ngati pali chotupa chofewa chomwe chikulowa mukachidina, ndipo kakakhala kamphongo onani ngati machende onse awiri atsika. Pomaliza kaikeni pansi kayende, muone ngati sikakutsimphina kapena kupindika miyendo ya kutsogolo.

Za khalidwe amagwiritsa ntchito njira yosavuta koma yothandiza. Amatulutsa tiagalu tonse pabwalo, inu n'kunjuta chapatali, n'kuwomba m'manja pang'ono. Pamakhala kena kofika koyamba, kokankha tinzake n'kuyamba kukoka nsalu yanu ndi mano. Pamakhalanso kotsalira kumbuyo kosafuna kuyandikira. Ana amakonda koyambako, amayi amamvera chisoni komalizako, koma bambowa amalozera ta pakati: tobwera mchira ukugwedezeka, kununkhiza dzanja, kenako n'kukhala pansi. Amagwetsanso makiyi kumbuyo kwake. Kagalu kabwino kamadzidzimuka kenako n'kupita kukanunkhiza; kamantha kamathawa osabwerera, ndipo kosatembenuka n'komwe mwina kali ndi vuto la kumva. Kenako amakagoneka chagada m'manja. Kuphiriphitha pang'ono n'kufatsa ndi bwino. Kukuwa ndi kuluma osaleka si kwa nyumba ya ana. Njirayi siilosera zonse, chifukwa kaleredwe kamasintha zambiri, koma imachotsa tiagalu tiwiri tomwe timavutitsa mabanja kwambiri, kolusa ndi kamantha.

Tsopano pomwe aperewera. Khadi la katemera amapereka, ndipo ndi lenileni: pali tsiku, kapepala komata kochokera pa botolo la mankhwala kokhala ndi nambala yake, ndi siginecha ya wobaya. Khadi lopanda kapepalako musalikhulupirire kulikonse. Vuto ndi mawu omwe amanena pokupatsani, akuti kagalu n'kobayidwa kale. Munthu wosadziwa amapita kunyumba akuganiza kuti zatha, chikhalirecho katemera yemwe kabayidwa ndi woyamba yekha. Katemera wa matenda oopsa a agalu otchedwa parvo ndi distemper, ndi ena anzake, amabayidwa katatu: pa masabata 6 mpaka 8, pa masabata 10 mpaka 12, ndi pa masabata 14 mpaka 16. Chifukwa chake n'chakuti chitetezo chomwe kagalu kadayamwa kwa make chimatha kulepheretsa katemera woyamba kugwira, ndipo chimatha pa nthawi yosiyana pa kagalu kalikonse. Pakati apa ndi pomwe parvo imalowera. Imayamba ndi kukana chakudya ndi kufooka, kenako kusanza, kenako chimbudzi cha madzi cha magazi chonunkha kwambiri. Kagalu kamatha kufa m'masiku awiri kapena atatu ngati sikalandira madzi a dilipi. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Ngati pakhomo panu padafa kagalu ndi zizindikiro zimenezi, tsukani simenti, mbale ndi khola ndi kapu 1 ya Jik m'makapu 30 a madzi, ndipo musabweretse kagalu kosamaliza katemera, chifukwa dothi silitsukika. Kasanamalize katemera wachitatu, kasapite kumsika, kudoko kapena kunyanja komwe agalu oyendayenda amasonkhana. Ana, nkhuku, mbuzi ndi phokoso la njinga kazolowere kali mkati mwa mpanda, chifukwa zomwe sikadaone kasanakwanitse miyezi 3 kamadzaziopa kapena kuzithamangitsa.

Funsaninso wobaya aliyense komwe amasunga mankhwala. Katemera amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Wobwera naye m'thumba la malaya pa njinga masana a ku Salima akukubayirani madzi. Abwere m'kabokosi kozizira.

Katemera wa chiwewe sakhala pa khadi pogula chifukwa amabayidwa kagalu kakakwanitsa miyezi 3, ndipo izi n'zoyenera, koma bambowa sakumbutsa. Pitani ku ofesi ya za ziweto paboma kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, osadikira kampeni, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro pa munthu sichichizika, ndipo ana ndi amene amalumidwa kawirikawiri. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wokayikitsa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Khola lawo ndi losesedwa, la mthunzi wabwino, koma pansi ndi mchenga. Mchenga wonyowa ndi mkodzo pamthunzi ndi pomwe ntchentche ya mphutsi imaikira mazira, makamaka nthawi ya dzinja. Kagalu kathu kadabwera ndi tizotupa pamimba ndi pakati pa zala, chilichonse chili ndi kabowo pakati pake. Kuchotsa kwake sikovuta: matani Vaseline pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono, finyani m'mbali zonse ziwiri kuti ituluke yathunthu, tsukani ndi madzi a mchere. Mukaiphwanyira mkati, pamachita mafinya. Tikuwapempha athire simenti pogona tiagalu, ndipo inunso kunyumba chitani chimodzimodzi, n'kumayanika tisanza take padzuwa lenileni.

Pa nkhupakupa amalangiza dipi wa ng'ombe wosungunula kwambiri. Apa tikutsutsana nawo kotheratu. Kagalu kakang'ono kamayamwa mankhwalawo kudzera pakhungu ndi podzinyambita, n'kuyamba kutuluka dovu, kunjenjemera ndi kudzandira. Gulani mankhwala opangidwira agalu, monga okhala ndi fipronil, muwerenge msinkhu ndi kulemera zomwe zalembedwa pa paketi. Pakhomo pali mphaka, pewani okhala ndi permethrin chifukwa amapha amphaka. Mankhwala a njoka adapereka pa masabata 2, 4, 6 ndi 8, zomwe n'zolondola. Inu pitirizani masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Mlingo umayendera kulemera, choncho kaikeni m'chikwama mukayeze pa sikelo yopachika, osangoyerekeza. Mapiritsi a anthu ochepetsa ululu musakapatse.

Za chakudya adangoti nsima ndi usipa. Sizolakwika, koma n'zosakwanira kwa munthu woyamba kuweta. Kagalu kadye kanayi pa tsiku mpaka miyezi 3, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Pa magawo atatu a mbale, awiri akhale phala lolimba kapena nsima ya mgaiwa, limodzi likhale usipa kapena bonya wophika ndi wosinja pamodzi ndi minga yake, chifukwa mingayo ndi imene imalimbitsa mafupa. Nsomba youma iviikeni ndi kuitsuka kaye kuti mchenga ndi mchere zichoke. Dzira lophika ndi dzungu pang'ono zimathandiza. Kagalu ka mtundu waukulu koleredwa ndi nsima ndi msuzi wokha kamachita matewe, ndipo miyendoyo siibwereranso bwino kakakula. Minga ya chambo ndi kampango, mafupa a nkhuku ophika ndi ndiwo za anyezi musakapatse. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Mukafuna kusintha chakudya, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa sabata imodzi.

Mtengo wawo ndi wokwera poyerekeza ndi a pamsewu, koma mwaphatikizidwa katemera woyamba ndi mankhwala a njoka. Amati kagalu kakadwala m'masiku oyamba mukabweze, koma izi ndi za pakamwa chabe. Apempheni alembe kuseri kwa khadi, pamodzi ndi tsiku lobadwa. Mukasankha kakakazi, dziwani kuti kamayamba kufuna amphongo pa miyezi 6 mpaka 12, ndipo zimabwera pafupifupi kawiri pa chaka, choncho kambiranani ndi dokotala wa ziweto za kutseketsa nthawi isanakwane. Pokatenga pitani m'mawa kusanatenthe, ndi katoni yobowola m'mbali ndi kansalu komwe kadagonera ndi make. Apempheni asakadyetse maola awiri musananyamuke kuti kasasanze m'njira, ndipo mu minibasi katoniyo ikhale pamiyendo panu, osati kubuti.