Jeli yosindikizira yopanga tokha: mmene yakhalira kuyambira Meyi mpaka mvula ino

Mu Meyi ndinalemba kuti jeli yosindikizira zithunzi yodzipangira wekha ndi yotchipa kwambiri kuposa yoitanitsa kunja, ndipo ndinati ndidzanenanso ikadzaona dzuwa la Okutobala. Yaliona, yaonanso mvula. Ikugwirabe ntchito, koma yachepa ndipo ili ndi zipsera.

Kwa amene sanawerenge: timasungunula ufa wa jelatini m'madzi otentha, n'kuthiramo gilisalini wofanana ndi madziwo, yemweyu amayi amasakaniza m'mafuta odzola, kenako n'kukhuthulira m'thireyi kuti zigwirane usiku wonse. Gilisaliniyo ndiye amachititsa kuti isafune firiji, ndipo ndi mmene magetsi amazimira kuno, zimenezo n'zofunika. Pamwamba timapakapo penti wa akiliriki ndi rola, kudindapo chida, kuchichotsa, kuyala pepala n'kusisita ndi chikhatho.

Ophunzira anga ku Kalingalinga, mu Lusaka, akhala akubwera ndi zida za kunyumba: sipanala, sizasi, makiyi, chipeso, sefa ya ufa. Zafulati ndizo zimatuluka bwino. Mnyamata wina anabwereka sipanala yakale kwa amalume ake okonza magalimoto. Pa pepala panatuluka nambala yake, malo amene nyundo inamenyapo, ngakhale poterera pamene dzanja lagwira zaka zambiri. Nambalayo inawerengeka bwinobwino osatembenuka, chifukwa chithunzi chimatembenuka kawiri: kuchoka pa chida kupita pa jeli, kuchoka pa jeli kupita pa pepala. Pa lino, chinthu chonga labala chimene timasemapo chithunzi n'kudinda, sizitero. Mnyamatayo anaiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndakhala ndikuijambula ndi pensulo koma pakamwa pake sindinaone kuti mpokutha mbali imodzi." Kwa ine phindu lalikulu la jeli ndi limeneli, kuti mwana akabwerera ku pensulo amajambula sipanala ya amalume ake, osati sipanala ya m'mutu mwake.

Chodabwitsa n'chakuti pepala lachiwiri, lonyamula penti wotsalira, nthawi zambiri limaposa loyamba. Timizere ting'onoting'ono ta sefa timaoneka pamenepo. Ndiye musafulumire kupukuta.

Okutobala anativutitsa. Jeli inafewa n'kumamata, ndipo penti ankauma rola isanafike m'mphepete. Tinkayamba m'mawa kwambiri n'kusiya dzuwa likakwera, komanso kadontho ka gilisalini m'penti kanathandiza. Mwezi womwewo sikuludilaiva anaiboola pakati. Ubwino wake, umaidula nthulinthuli, kuisungunula pamoto wochepa n'kuithiranso m'thireyi. Koma ukaisungunula imabwerako yopyapyala, ndipo tizidutswa ta penti wouma timatsalira mkati ngati sunasefe pa kansalu.

Mvula itayamba kunabwera nkhungu, timadontho takuda pamene tinaikulunga m'pulasitiki ili yonyowa. Tsopano timaisiya iume kaye. Mapepala anyuzipepala musaike pamwamba, amamatirira.

Pali zida zimene yakanika. Mthiko, nyundo ndi chilichonse chobulungira zimangosiya kamzere kamodzi, ndipo ukakanikiza kwambiri jeli imang'ambika. Zimenezo timajambula ndi makala basi. Khasu ndi chikwanje n'zazikulu ndiponso zakuthwa, choncho timayala pepala pamwamba pake n'kukhecha ndi pensulo yofewa, njira imene Max Ernst, wojambula wa ku Germany, anaitchukitsa mu 1925 pokhecha matabwa a pansi m'chipinda.

China choyenera kudziwa: chithunzi chilichonse chimatuluka kamodzi kokha. Wofuna makope khumi ofanana aphunzire kusema lino kapena thabwa monga ankachitira Henry Tayali, katswiri wa zaluso wa ku Zambia, amene dzina lake lili pa nyumba ya zaluso ku Showgrounds. Ophunzira ena ayamba kuikonda jeli chifukwa siifuna kuleza mtima, ndipo ameneo ndimawabwezera ku mpeni wosemera.

Ndipanga ina mvula ikatha, yokhuthala ngati chala chachikulu, ndipo thireyi ndikagula ku Kamwala yaikulu yokwana pepala la A3.