Matenda a MS kuntchito: kuulula kapena kukhala chete?

Multiple sclerosis (MS) ndi matenda omwe chitetezo cha m'thupi chimawononga chikuto cha minyewa ya mu ubongo ndi mumsana. Ambiri amapezeka nawo ali ndi zaka 20 mpaka 40, ntchito ili pachimake, ndiye funso limawasowetsa tulo: auze abwana kapena asunge mumtima?

Kukhala chete kumakopa. Zizindikiro zimabwera n'kupita, ndipo kutopa kapena dzanzi sizioneka ndi maso. Munthu amapewa chisoni chopyola muyeso cha anzake, amapezanso mpata woyamba waivomereza yekha nkhaniyo. Koma kubisa kumatopetsa. Amangopeka zifukwa zopitira kuchipatala, anzake amayamba kumunena ulesi, nkhawa n'kumakula. Komatu pafupifupi theka la odwala MS amadwalaponso matenda a kukhumudwa pa moyo wawo, choncho kusenza yekha zonsezi n'koopsa.

Kuulula nakonso kumachititsa mantha, poti mabwana ena amayamba kukukayikira. Ku England, Scotland ndi Wales, lamulo la Equality Act 2010 limatenga MS ngati ulumali kuyambira tsiku lomwe wapezeka nayo, ndipo bwana ayenera kusintha zinthu monga maola ogwirira ntchito kapena nthawi yopuma. Sangasinthe kanthu ngati sakudziwa. Oyendetsa galimoto kumeneko alibe pothawira, DVLA, nthambi ya boma yopereka ziphaso zoyendetsera galimoto, iyenera kuuzidwa basi.

Ine ndimaona kuti kuuza munthu mmodzi wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito, mwachinsinsi, kumapindulitsa kuposa kulengeza pamsonkhano. Anzako enawo angadikire mpaka mtima utakhazikika.