Kakafe ka pafupi ndi msika pa boma: anandiuza zoona ndisanatulutse ndalama

Ine ndili ndi zaka 37, ana atatu, MSCE ndinalemba kalekale koma chaka chino ndinati basi ndibwerere kusukulu. Malo ku yunivesite ndinawapeza, vuto fizi. Ndiye ndinakwera kabaza kuchokera kwa Mpondasi kupita pa kakafe kena ka intaneti pafupi ndi msika, poti anzanga amati pamenepo amathandiza kulemba mafomu a loni.

Malowo ndi opanikiza, makompyuta awiri okha, kutentha kwathu kuno mukukudziwa ndipo fani yake imangozungulira dzina. Magetsi anathima kamodzi tinadikira pafupifupi ola. Printa nayo inki ndi yofooka, kopi ya chitupa changa cha unzika anachita kubwereza. Apa akonze ndithu.

Koma achimwene amene amakhala pamenepo, ayi ndithu ndawavulira chipewa. Asanandilipiritse kalikonse anandikhazika pansi nkundifunsa kuti mayi, sukulu yanuyo ndi kosi yanuyo nzovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba? Akuti loni ya HESLGB, bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite lija linakhazikitsidwa mu 2015, imapita kwa ophunzira osowa a m'masukulu ovomerezeka okha, ndipo ndi ngongole, mukamaliza mudzabweza, si mphatso. Kenako anatsegula chidziwitso cha chaka chino nkuwerenga nane mzere ndi mzere kuti tione ngati njira imene ndinalowera sukulu ikundilola kupempha, chifukwa ife obwerera titakulafe timangothamangira fomu osaona kaye zimenezo.

Chimene chinkandisowetsa tulo kwenikweni ndi amayi anga. Iwo amalandira Mtukula Pakhomo, akulera zidzukulu ziwiri zamasiye kumudzi, ine ndinkaopa kuti ndikangolowa yunivesite awachotsa. Achimwenewo anandifotokozera kuti ndalama imene ija amaona khomo, losaukitsitsa komanso lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo kangachepe kowonjezera ndi ka ana a pulayimale ndi sekondale, fizi ya yunivesite mulibemo. Koma zoti awachotsa kapena ayi anakana kundilonjeza, anati pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC mukafunse eni ake, musamve za pamsika. Wina akanangoti zonse zili bwino bola alandire yake.

Ndinalipira ya sikani ndi printi basi, malangizo onsewo ulere. Mukamapita lawirirani m'mawa dzuwa lisanakwere, mutenge chitupa, kalata yokuitanani kusukulu ndi satifiketi ya MSCE, imelo yanunso muikumbukire pasiwedi yake chifukwa mayi wina amene ndinamupeza pamzere anabwerera mpaka ku Namwera chifukwa cha chomwecho.